Diso Losagona: Mbiri ya Ofufuza Oima Paokha

 M'nkhani yathu ya mbiri yakale lero tikambirana za ntchito imene ambiri a ife tidangoiwerenga m'mabuku a nthano ndi kuiona m'mafilimu. Iyi ndi ntchito ya munthu wofufuza zinthu mwamseri, amene sali wapolisi wa boma, koma amalembedwa ntchito ndi munthu wamba kapena kampani kuti apeze choona pa nkhani imene yawasowetsa mtendere. Tiona kumene ntchitoyi idayambira, m'mene eni ake adaiphunzirira popanda sukulu, ndiponso zolakwa zawo zimene zidatayitsa miyoyo ya anthu osalakwa.

Tisanaoloke nyanja, tiyambe ndi chinthu chimene tonse timachidziwa. Ng'ombe zikabedwa usiku, m'mawa mwake akuluakulu amaletsa ana kupondaponda pakhomo pa khola. Amawerama nayang'ana mapazi kuti adziwe ngati akubawo adali angati, ngati adavala nsapato kapena ayi, ngati ng'ombezo adazithamangitsa kapena zidayenda mwachifatse, ndiponso kuti ndowe zake zauma motani. Akatero amalondola mapaziwo mpaka pamene atayikira, nayamba kufunsa anthu olawirira kumunda ndi kuchitsime. Nkhani ikafika pabwalo la amfumu, mboni iliyonse imafunsidwa funso limodzi: kodi udaona ndi maso ako, kapena udachita kumva? Luso lonse limene tikambe lero lagona pa zinthu zomwezi. Chimene chidachitika ku Ulaya ndi ku America zaka pafupifupi 200 zapitazo n'chakuti anthu ena adasandutsa luso limeneli kukhala ntchito yolipidwa, yokhala ndi ofesi, mabuku ndi malamulo ake.

Munthu amene olemba mbiri ambiri amati ndiye adatsegula ofesi yoyamba yodziwika ya mtundu umenewu ndi Eugène François Vidocq wa ku France, amene adabadwira mumzinda wa Arras m'chaka cha 1775. Unyamata wake sudali wosiririka. Adaba ndalama za makolo ake, adathawa usilikali, adaweruzidwa pa mlandu wa chikalata chachinyengo, ndipo adazemba m'ndende kangapo, kuphatikizapo ndende zoopsa za ku Brest ndi ku Toulon. M'chaka cha 1809, atatopa ndi moyo wothawathawa, adauza apolisi a ku Paris kuti angathe kuwathandiza, pakuti mbava za mumzindamo ankazidziwa nkhope, mayendedwe ndi kalankhulidwe komwe. Apolisi adavomera. Poyamba adamsiya m'ndende kuti azimvetsera zokamba akaidi anzake, ndipo pofika 1812 adamlola kutsogolera kagulu ka apolisi osavala yunifolomu kotchedwa Sûreté. Ambiri mwa anthu ake adali akaidi akale onga iye mwini.

Vidocq adazindikira kuti mutu wa munthu umaiwala, ndi kuti mwini mutuwo akamwalira zonse zimene ankadziwa zimapita naye kumanda. Motero adayamba kulemba za chigawenga chilichonse pa khadi lakelake: dzina lake lenileni, maina onamizira, msinkhu, zipsera, milandu yakale ndiponso njira imene chimabera. Iye adaona kuti mbava ili ndi chizolowezi monga munthu wina aliyense. Yolowera pazenera idzaloweranso pazenera, ndipo yonyenga anthu ndi makalata abodza siyamba kuthyola nyumba. Kotero nyumba ikathyoledwa, makadi aja ankachepetsa chiwerengero cha anthu oyenera kuwakayikira. Amatchulidwanso kuti adali mmodzi wa oyamba kuthira pulasitala m'chidindo cha phazi la wakuba kuti phazilo liumbike, linyamulidwe ndi kukaonetsedwa pabwalo la milandu.

Atasiya upolisi, m'chaka cha 1833 adatsegula ofesi yakeyake ku Paris. Amene ankabwera kwa iye makamaka adali amalonda. Masiku amenewo mumzindamo mudadzaza akathyali ovala bwino, amene ankatenga katundu pangongole m'masitolo, kumugulitsa motchipa, nazimiririka. Wamalonda ankalipira ku ofesi ya Vidocq kuti amve mbiri ya munthu asanamkongoze, kapena kuti ampezere wangongole wothawa. Ntchito idayenda bwino, koma apolisi a boma sadakondwere nayo. M'chaka cha 1842 Vidocq adagwira kathyali wina namkakamiza kubweza ndalama, ndipo apolisi adammanga iyeyo pa mlandu wosunga munthu popanda chilolezo cha lamulo. Adakhala m'ndende miyezi yambiri, mu 1843 adagamulidwa zaka zisanu, ndipo adapulumuka pokhapokha atachita apilo. Apa, omvera, pali phunziro limene ntchito imeneyi idalandira idakali yakhanda. Wofufuza woima payekha ndi munthu wamba. Angathe kuyang'ana, kufunsa ndi kulemba, koma mphamvu zotsekera munthu, zolowa m'nyumba ya mwini wake kapena zokakamiza munthu kuyankha ndi za boma. Vidocq adamwalira mu 1857.

Tsopano tiwoloke nyanja ya Atlantic, tikaone munthu amene dzina lake lidafanana ndi dzina la ntchitoyi. Allan Pinkerton adabadwira ku Glasgow, m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1819, m'dera la amphawi lotchedwa Gorbals. Adaphunzira umisiri wokhoma migolo ya matabwa. Ali mnyamata adalowa m'gulu la a Chartist, limene linkamenyera nkhondo kuti amuna onse, olemera ndi osauka omwe, akhale ndi ufulu woponya voti. M'chaka cha 1842 adakwatira nasamukira ku America, ndipo adakakhazikika m'kamudzi kotchedwa Dundee, m'mbali mwa mtsinje wa Fox, m'chigawo cha Illinois. Kumeneko ankakhoma migolo yake, ndipo nyumba yake idali pobisalira akapolo othawa kuchokera kumwera popita ku Canada.

Cha m'ma 1847, tsiku lina adapalasa bwato kupita pa kachilumba ka mumtsinjemo kukadula mitengo ya migolo. Pachilumbapo sipankakhala munthu, koma iye adapeza phulusa la moto ndi udzu wopondedwa. Anthu ambiri akadangodula mitengo yawo nabwerera. Pinkerton adadzifunsa kuti: ndani amasonkha moto pamalo opanda mudzi, opanda munda, ndipo amabisalira chiyani? Sadauze munthu aliyense, koma adabwererako usiku nabisala m'tchire, mpaka adaona anthu akufika pabwato nasonkha moto. Atatsimikiza, sadawagwire yekha. Adakaitana mkulu wa apolisi wa m'bomalo, ndipo anthuwo atagwidwa adapezeka kuti adali gulu lopanga ndalama zachinyengo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mmisiri wa migoloyu adaona chinthu chimene sichidali m'malo mwake, adadikira, adatsimikiza, kenaka adapereka nkhani kwa eni ake a lamulo. Aliyense wofuna kuphunzira ntchito yofufuza amayambira pa masitepe anayi amenewa mpaka lero.

Mbiri yake idawanda. Amalonda a m'deralo adayamba kumpempha kuti awafufuzire anthu ogula ndi ndalama zabodza, boma lidampatsa udindo wothandiza mkulu wa apolisi, ndipo posakhalitsa adasamukira ku Chicago kukagwira ntchito yofufuza milandu. Cha m'ma 1850 adatsegula kampani yake, imene pambuyo pake idadziwika ndi dzina loti Pinkerton's National Detective Agency. Chizindikiro chake chidali diso lotsegula, ndipo pansi pake padali mawu otanthauza kuti iwo sagona.

Kodi n'chifukwa chiyani kampani yotere idakula msanga? Yankho lake ndi njanji. M'zaka zimenezo njanji zinkafalikira m'dziko la America, ndipo sitima zinkanyamula ndalama, makalata ndi katundu kudutsa maboma ambirimbiri. Mphamvu za mkulu wa apolisi zinkathera pamalire a boma lake, ndipo kudalibe apolisi a dziko lonse otsata mbava kuchokera chigawo china kufika china. Wakuba ankangokwera sitima, m'mawa kukacha ali kutali ndi omfuna. Anthu a Pinkerton okha ndiwo ankatha kumtsata kulikonse. M'chaka cha 1855 makampani angapo a njanji adapangana naye kuti aziwayang'anira katundu wawo. Imodzi mwa ntchito zoyamba idali yokweza anthu ake m'sitima ngati apaulendo wamba, kuti aziwerenga ndalama zimene kondakitala walandira ndi kuziyerekeza ndi zimene wapereka ku ofesi. Ogwira ntchito m'sitima adadana nawo kwambiri akazitape amenewa, ndipo chidani chimenecho tidzakumana nachonso kutsogoloku.

Popeza kudalibe sukulu ya ntchitoyi, Pinkerton ankaphunzitsa yekha anthu ake. Ankasankha anthu wamba, monga akalaliki, amalonda ndi alimi, amene nkhope zawo sizikopa maso. Ankawaphunzitsa kutsata munthu m'misewu popanda iye kuzindikira, kutenga dzina ndi ntchito yonamizira ndi kuisunga miyezi yambiri osaphonya, ndiponso kumvetsera koposa kulankhula. Chachikulu koposa, aliyense ankayenera kulemba lipoti la tsiku ndi tsiku: nthawi imene wafika pamalo, amene wamuona, zimene zanenedwa, ndi ndalama zimene waononga. Lipoti lolembedwa tsiku lomwelo limakhala ndi mphamvu pabwalo la milandu kuposa chikumbumtima cha munthu patapita chaka. Kampaniyo idasonkhanitsanso zithunzi za zigawenga pamodzi ndi mbiri zawo, monga adachitira Vidocq ndi makadi ake, ngakhale kuti zolembedwa zambiri zoyambirira zidapsa pa moto waukulu umene udaononga mzinda wa Chicago mu 1871.

M'chaka cha 1856 mayi wina wamasiye, wa zaka zongopitirira 20, adalowa mu ofesi ya Pinkerton kudzafunsa ntchito. Dzina lake adali Kate Warne. Pinkerton adaganiza kuti akufuna ukalaliki, koma mayiyo adati akufuna kukhala wofufuza. Adafotokoza kuti mkazi angathe kulowa m'malo amene mwamuna sangalowe, angathe kupalana ubwenzi ndi akazi a anthu okayikiridwa, ndipo amuna ambiri amamasuka kudzitama pamaso pa mkazi. Pinkerton adamlemba ntchito, ndipo Warne amadziwika kuti ndiye mkazi woyamba kugwira ntchito imeneyi ku America.

Luso lake lidaoneka pa mlandu wa kampani yonyamula katundu ya Adams Express. Mu 1858 madola 10,000 adasowa, ndipo kumayambiriro kwa 1859 adasowanso madola 40,000. Onse ankakayikira Nathan Maroney, woyang'anira ofesi ya kampaniyo mumzinda wa Montgomery, m'chigawo cha Alabama. Koma kukayikira si umboni, ndipo Maroney adali munthu wokondedwa mumzindamo. Popanda ndalamazo kupezeka, mlandu ukadamkomera. Malinga ndi zimene Pinkerton mwini adalemba m'buku lake la 1874, iye adagawa ntchito kwa anthu angapo. Wina ankatsata mkazi wa Maroney paulendo wake wa kumpoto. Wina adatsekeredwa dala m'chipinda chimodzi cha ndende ndi Maroney ku New York, nadzionetsa ngati kathyali wodziwa kukonza milandu. Kate Warne adakakhala m'kamudzi ka Jenkintown, pafupi ndi Philadelphia, kumene mkazi wa Maroney ankakhala, nadzitcha mkazi wa munthu womangidwa pa mlandu wachinyengo. Sadafunse kanthu za ndalama. Kwa miyezi ingapo ankangocheza naye, kumuuza mavuto ake onamizira, mpaka mayi Maroney adayamba kumkhulupirira ndi kumfunsa nzeru. Pamene Maroney adalembera mkazi wake kuti apereke ndalamazo kwa mnzake wa m'ndende uja, mkaziyo adakafunsa maganizo kwa Warne, amene adamlimbikitsa kutero. Madola 39,515 adapezeka, ndipo Maroney adagamulidwa kukhala m'ndende zaka khumi.

Nkhani yotchuka koposa m'moyo wa Pinkerton idachitika mu February 1861. Abraham Lincoln adali atasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko la America, ndipo zigawo za kumwera, zimene zinkasunga akapolo, zidali zitayamba kudzipatula. Lincoln ankayenera kuyenda pasitima kuchokera kwawo ku Springfield kupita ku Washington kukalumbiritsidwa, ndipo ulendo wake wonse udali utalengezedwa m'manyuzipepala. Samuel Felton, mkulu wa njanji ya pakati pa Philadelphia ndi Baltimore, adamva mphekesera zakuti anthu ena afuna kuononga milatho ya njanjiyo, ndipo adaitana Pinkerton. Iye adapita ku Baltimore ndi anthu ake, natsegula ofesi yonamizira ya zamalonda m'dzina loti Hutchinson. Kate Warne adadzisandutsa mayi wolemera wa kumwera nalowa m'macheza a mabanja odana ndi Lincoln. Malipoti awo adasonyeza chinthu choopsa kuposa kuononga milatho. Ku Baltimore apaulendo ankayenera kuchoka pa siteshoni ina kupita pa inzake kudutsa m'kati mwa mzinda, ndipo padali anthu, mmodzi wa iwo wometa tsitsi dzina lake Cipriano Ferrandini, amene ankalankhula zopha Lincoln pamalo amenewo, pakati pa chikhamu cha anthu.

Pa 21 February Pinkerton adakumana ndi Lincoln ku Philadelphia namuuza zonse. Lincoln sadafulumire kukhulupirira. Koma usiku womwewo kudafika Frederick Seward kuchokera ku Washington ndi chenjezo lofanana, lochokera kwa ofufuza ena amene sankagwira ntchito ndi Pinkerton. Lincoln adamfunsitsa mnyamatayo kuti adziwe ngati mauthenga awiriwo sadachokere pakamwa pamodzi. Omvera, funso limenelo ndi la mtengo wapatali. Anthu khumi obwereza zimene adamva kwa munthu mmodzi ndi mboni imodzi yokha. Ataona kuti magwero ake ndi osiyana, Lincoln adavomera kusintha ulendo. Madzulo a pa 22 February adachoka mwakachetechete ku Harrisburg, mawaya a lamya atadulidwa kuti uthenga usamtsogolere. Ku Philadelphia, Kate Warne adali atasungitsa malo ogona kumapeto kwa sitima ya usiku, ponena kuti akuyenda ndi mlongo wake wodwala. Sitimayo idadutsa ku Baltimore anthu ali m'tulo, ndipo idafika ku Washington mbandakucha wa pa 23 February.

Tinene chilungamo: palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene adazengedwa mlandu chifukwa cha chiwembu chimenechi, ndipo olemba mbiri amatsutsanabe ngati chidali chiwembu chokonzeka kapena zolankhula chabe za anthu aukali. Manyuzipepala adamseka Lincoln kuti walowa mumzinda wake ngati mbava. Ntchito yoteteza ili ndi vuto limeneli, lakuti ikayenda bwino palibe chimene chimachitika, ndipo anthu amafunsa ngati choopsacho chidalipodi.

Kufikira pano taona diso likuona bwino. Tsopano tione pamene lidanama. Nkhondo yapachiweniweni itabuka mu 1861, Pinkerton, pogwiritsa ntchito dzina loti E. J. Allen, adakhala mkulu wa akazitape a kazembe wankhondo George McClellan, amene adadziwana naye kale pa ntchito ya njanji. Anthu ake adasonyeza kulimba mtima, ndipo mmodzi wa iwo, Timothy Webster, adagwidwa nanyongedwa ku Richmond mu April 1862. Koma kuwerenga asilikali a adani ndi ntchito ina, yosiyana ndi kutsata wakuba. Pinkerton ankafunsa akaidi a nkhondo ndi anthu othawa kumwera, naphatikiza mayankho awo, naonjezerapo china poopa kuchepetsa. McClellan adali munthu wokhulupirira kale kuti adani ndi ochuluka kuposa gulu lake, ndipo malipoti a Pinkerton ankagwirizana ndi mantha akewo. Pakati pa chaka cha 1862 iwo ankati asilikali oteteza mzinda wa Richmond adali pafupifupi 200,000, pamene chiwerengero chenicheni sichidafike ndi 100,000 pomwe. McClellan adazengereza, adabwerera m'mbuyo, ndipo nkhondo idapitirira mpaka 1865. Sitinganene kuti cholakwa chonse chidali cha Pinkerton, koma phunziro lake ndi loonekeratu. Wofufuza amene amabweretsa kwa bwana wake nkhani yokhayo imene bwanayo afuna kumva wasiya kufufuza, ngakhale atalemba malipoti aatali chotani.

Nkhondo itatha, m'chaka cha 1867 Pinkerton adasindikiza kabuku ka malamulo a kampani yake. Lamulo lina lidaletsa anthu ake kugwirira ntchito mphotho yolonjezedwa kwa wogwira wakuba. Kampani inkalipiritsa pa tsiku, kaya wolakwa wapezeka kaya sadapezeke. Chifukwa chake n'chomveka: munthu amene adye pokhapokha wina atamangidwa amayesedwa kumangitsa aliyense. Lamulo lina lidakana milandu yothetsa maukwati ndi yofukula zamseri za m'mabanja, pakuti iye ankaona kuti ntchito yotere imanyazitsa wofufuza ndipo imatsegula khomo la kuopseza anthu kuti apereke ndalama. Kate Warne, amene adali atakhala mkulu wa gulu la ofufuza aakazi, adamwalira mu January 1868, naikidwa m'manda a banja la Pinkerton ku Chicago.

Malamulo olembedwa bwino sadaletse tsoka la m'chigawo cha Missouri. Kumeneko kudali gulu la achifwamba lotsogozedwa ndi abale awiri, Frank ndi Jesse James, limene linkathyola mabanki ndi kuimitsa sitima. Mu March 1874 wofufuza wina wachinyamata, Joseph Whicher, adafika m'tauni ya Liberty ndi maganizo okafunsa ganyu pa munda wa banja la James. Adaulula cholinga chake kwa akuluakulu ena a m'tauniyo, amene adamchenjeza kuti asapiteko. Iye adapitabe, mlendo wosadziwa dera, pakati pa anthu odziwana okhaokha ndi okonda banjalo. M'mawa mwake adapezeka m'mbali mwa msewu ataomberedwa. Masiku ochepa pambuyo pake wofufuza winanso adaphedwa ndi anzawo a abale a James. Pinkerton adapsa mtima, ndipo kuyambira pamenepo nkhaniyo idasanduka yobwezera.

Usiku wa pa 26 January 1875 anthu ake adazinga nyumba ya mayi wa abale a James, pokhulupirira kuti awiriwo ali m'katimo. Adaponya pazenera chitsulo chodzaza ndi mafuta oyaka. A m'nyumbamo adachikankhira pamoto, ndipo chidaphulika. Kamnyamata ka zaka 8, Archie Samuel, mng'ono wawo wa bambo wina, kadamwalira. Mayi wawo, Zerelda Samuel, adavulala mkono kotero kuti adachita kuudula. Frank ndi Jesse sadagwidwe. Anthu a m'dziko lonse adanyansidwa, ndipo achifwamba aja adasanduka ngwazi m'maso mwa ambiri. Munthu yemwe uja amene pachilumba adadikira usiku mpaka atatsimikiza, nakaitana eni lamulo, tsopano adachita zinthu asadatsimikize, ndipo adadzisandutsa wapolisi, woweruza ndi wolanga nthawi imodzi. Amene adalipira ndi mwana wosalakwa.

Allan Pinkerton adamwalira pa 1 July 1884, ndipo ana ake, William ndi Robert, adapitiriza kampani. M'nthawi yawo ntchito yaikulu idakhala yolondera migodi ndi mafakitale pamene antchito anyanyala ntchito, ndi yolowetsa akazitape m'mabungwe a antchito. Pa 6 July 1892 anthu a Pinkerton okwana 300, onyamula mfuti, adafika m'mabwato awiri aakulu pa fakitale ya zitsulo ya Carnegie ku Homestead, m'chigawo cha Pennsylvania, kumene antchito adali atatsekeredwa kunja pa mkangano wa malipiro. Kudabuka nkhondo ya tsiku lathunthu, ndipo anthu osachepera 10 adafa, antchito ndi alonda omwe. Chaka chotsatira, mu 1893, Nyumba ya Malamulo ya dzikolo idakhazikitsa lamulo loletsa boma kulemba ntchito anthu a Pinkerton kapena a kampani ina yofanana nayo. Ndi zomvetsa chisoni kuti kampani imene idayambitsidwa ndi munthu womenyera ufulu wa amphawi ku Glasgow idafika podedwa ndi amphawi a ku America. Funso limene Homestead idasiya ndi ili: diso likakhala la ganyu, kodi limatumikira choona, kapena limatumikira wolipira? Kampaniyo idapitirira kugwira ntchito, ndipo mu 1999 idagulidwa ndi kampani ya Securitas ya ku Sweden.

Chifukwa cha mbiri yotereyi, maiko ambiri adaika malire pa ntchito imeneyi. M'zigawo zambiri za America munthu sangakhale wofufuza woima payekha popanda chiphaso cha boma. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, lamulo la m'chaka cha 2001 limafuna kuti munthu wotere alembetse ku bungwe loyang'anira ntchito za chitetezo zosakhala za boma. Masiku ano amene amalemba ofufuza kawirikawiri ndi makampani a inshuwalansi ofuna kudziwa ngati ngozi idachitikadi, maloya ofuna mboni imene idasamuka, mabanki ofuna angongole, ndi mabanja ofuna mbale wosowa. Zipangizo zasintha, pakuti pali makamera, mafoni a m'manja ndi makompyuta, ndipo nthawi yambiri ya wofufuza imathera pa kuwerenga zikalata ndi kudikira pamalo amodzi maola ambiri, osati pa kuthamangitsana ndi kuomberana kumene timaona m'mafilimu. Koma maziko ake ndi omwe aja a Vidocq ndi Pinkerton: kuona chimene ena achilambalala, kudekha, kulemba tsiku lomwelo, kufuna gwero lachiwiri losadalira loyamba, kusunga chinsinsi, kunena choona ngakhale chisakomere wolipira, ndi kuima pamene lamulo laika malire.

Mwina wina akufunsa kuti nkhani ya ku Paris ndi ku Chicago ikutikhudza bwanji ife. Ambiri a ife sitidzatsegula ofesi yofufuza, koma aliyense wa ife tsiku lina amasanduka wofufuza. Mbuzi ikasowa, ndalama za kumpingo kapena za kalabu ya alimi zikapanda kukwana, katundu akachepa m'sitolo, maso a anthu amathamangira kwa munthu amene ankamkayikira kale. Tonse tidamvapo za nyumba zotenthedwa ndi anthu omenyedwa chifukwa cha mphekesera, choona n'kudzadziwika mochedwa, pamene palibenso chobweza. Pa nthawi yotere kumbukirani Lincoln akufunsa ngati mauthenga awiri sadachokere pakamwa pamodzi, ndipo kumbukirani kamnyamata ka zaka 8 ka ku Missouri. Mukapeza mapazi, alondoleni modekha. Mukatsimikiza, pitani nayo nkhaniyo kwa amfumu kapena kupolisi, pakuti mlandu suola.